Kachitsekero m'dirowa la mai Chulu

Valentino Miti ndinamuda tsiku lomwe analowa mu ofesi yathu, ndipo sindibisa. Munali mu Epulo, chaka cha 1990. Ine Regina Chulu ndinali nditatayipa makalata a bungwe lathu la alimi pa Katete kwa zaka khumi ndi zinayi, ndipo panalibe manijala amene anandibwezerapo pepala ati lalakwika. Ndiye kukutulukira kamunthu kowonda ka ku Vubwi, kamene kanaphunzira miyezi isanu ndi umodzi yokha ku Lusaka, nkuyang'ana makina anga otayipira, nkuseka. Kanati zimenezi kwa azungu anataya kalekale. Kananena m'Chingerezi, maso ali kwa manijala wathu a Daka, ine ndili pomwepo ngati mpando.

Bungwe linali litapatsidwa makompyuta atatu ndi azungu ena othandiza alimi. Yaikulu anaiika m'chipinda cha a Daka, ndipo m'menemo ndimo munkakhala mayina a alimi onse a thonje ndi nsawa, kuyambira pa Katete, ku Sinda mpaka ku Vubwi. Ina inapita ku shedi kwa Josephat, wogawa mbewu. Yachitatu inabwera kwa ine, m'chipinda chakumapeto kwa khonde. Ntchito ya Valentino inali kuwalumikiza ndi waya kuti Josephat ndi ine tiziona mayina amene ali kwa a Daka popanda kuyenda ndi mapepala. Iye ankakhala ku Chipata m'nyumba ya bungwe ndi mkazi wake Clementina, ndipo anali pa chaka choyesedwa. Makinawo akayenda bwino, ntchito ndi nyumba zikhala zake. Akavuta, azipita. Tonse tinkadziwa zimenezo.

Asanayambe kukhoma, anayala tizidutswa titatu ta waya pa tebulo la a Daka kuti aonetse kuti sukulu anapitako. Ine ndinali chiimire pakhomo ndi makalata ofuna siginecha. Woyamba unali wachikasu, wonenepa ngati chala chachikulu cha kuphazi, wouma gwa. Anati umenewo ndi wa nyumba zazitali za ku Lusaka. Wachiwiri unali ngati wa telefoni, timawaya tating'ono topotana tiwiritiwiri, koma ati umafuna bokosi lake pakati, ndipo bokosilo azungu sanatipatse. Wachitatu ndiwo unali wathu, wakuda, woonda ngati pensulo, mkati muli kamkuwa kamodzi, kenako pulasitiki yoyera, kenako timaukonde tachitsulo. Ankautchula kuti koakisi, akukweza mphuno.

Ine ndinafunsa bwinobwino, mwaulemu, ngati si womwe uja a Rashid amagulitsa m'sitolo yawo kwa anthu omanga mlongoti wa TV. Maonekedwe ake anali amodzimodzi, aliyense akanafunsa.

"Amai, izi si za inu," anatero, osanditembenukira nkomwe.

A Daka anaseka. Ndinabwerera kuchipinda kwanga, ndipo mawu amenewo ndinawasunga.

Wayawo unali umodzi basi. Unayambira kwa a Daka, nkudutsa m'denga kupita ku shedi, nkubwerera m'mphepete mwa khonde kudzathera kwa ine, makina onse atatu ali pa iwo ngati mikanda pa ulusi. Kumbuyo kwa kompyuta iliyonse kunali kachitsulo kamphanda, waya kulowa uku nkutulukira uku. Kwa ine kunalibe kotulukira poti ndinali womaliza, ndiye Valentino anatseka mbali inayo ndi kachitsekero konyezimira, kakang'ono ngati chivundikiro cha bolopeni. Anakapotokola kamodzi, nkundiloza ndi sikuludiraiva.

"Aka musakataye. Ku Chipata kulibe, nkokatenga ku Lusaka. Kakasowa mudzayankha ndinu."

Ndinamufunsa kuti kamagwira ntchito yanji. Anati ine changa nkukasamala basi.

Tsono muyenera kudziwa mmene zinthu zinalili chaka chimenecho. Chilichonse chotheka kuzulidwa chinkayenda. Mababu, mapini, sopo wa kuchimbudzi, ngakhale chogwirira cha chitseko cha kuchimbudziko chinapita masana dzuwa likuswa mtengo. Maloko a zitseko zathu anali ongokongoletsa, kiyi imodzi inkatsegula zipinda zitatu. A Daka enieniwo poweruka ankakwera pa mpando nkuchotsa babu, nkuliika m'thumba la jekete. Ine ndinali ndi lamulo langa. Ndikamatuluka, kaya ndi poweruka kaya ndatumidwa, riboni ya makina otayipira, sitepula ndi chidindo zinkalowa m'dirowa lachitsulo, loko wanga wogula ndekha nkutseka, kiyi pakhosi. Nchifukwa chake pa zaka khumi ndi zinayi sindinasowetsepo ngakhale pini. Ndiye munthu wandiuza kuti kanthu kakasowa ndidzayankha ndine, mukuganiza ndikanatani? Kachitsekero kaja kanalowa m'gulu la anzake. Potuluka ndinkakapotokola nkukaika m'dirowa, pobwera ndinkakabwezera ndisanavule nkomwe juzi.

Mwezi woyamba zonse zinayenda, poti tinkalowa limodzi nkuweruka limodzi. Vuto linayamba mu Meyi, nditapita ku Mkaika kumaliro a azakhali anga. Ndinakhalako masiku awiri. Pobwera ndinamva kuti masiku awiri onsewo kompyuta ya Josephat inakana kuona mayina, ndipo a Daka anaimba foni ku Chipata mokalipa. Valentino anafika tsiku limene ndinabweralo, ndi basi ya m'mawa, cha m'ma teni koloko, fumbi lili m'tsitsi. Anapeza zonse zikuyenda. Anadinadina mabatani, anakwera m'denga, anatsika ndi ulusi wa akangaude kumutu, nkunena kuti palibe cholakwika. A Daka anamuyang'ana nthawi yaitali.

Zinachitikanso mu Juni, tsiku limene ndinapita ndi mwana wanga womaliza kuchipatala. Zinachitikanso kawiri mu Ogasiti. Nthawi iliyonse Valentino ankafika m'mawa mwake nkupeza makina ali bwinobwino, ndipo nthawi iliyonse nkhope yake inkacheperachepera. Josephat anayamba kuseka kuti makinawa amaopa mai Chulu, akangochoka amayamba mwano. Ine ndinkamva kukoma, ndisaname. Ndinkati ngakhale zitsulo zikudziwa mwini ofesi.

Tsiku lina Valentino analowa m'chipinda changa osagogoda, anasuzumira kumbuyo kwa kompyuta, anagwira kachitsekero kaja nkuona kuti nkolimba. Kenako anandifunsa ngati sindimaseweretsa makinawo. Kuseweretsa! Ine mai wa ana anayi. Ndinamuuza kuti zoseweretsa ndinasiya iye asanabadwe, ndipo ngati sukulu yake ya miyezi isanu ndi umodzi yamuthera, asadzapukutire manja pa ine. Anatuluka akung'ung'udza za anthu okalamba amene safuna kusintha. Akanandifunsa ngati munthu, mwina ndikanamuuza zonse zimene ndinkachita potuluka. Koma sanafunse, ndipo ine sindinaone choti ndinene.

Chimene chinamugwetsa chinali mu Okutobala, sabata yogawa mbewu mvula isanagwe. Alimi anabwera ndi ngolo, ena pa njinga, ena pa lole yochokera ku Vubwi imene inanyamuka kusanache. Tsiku lachiwiri a Daka anandituma ku Sinda ndi makalata a komiti, ndipo ndinapita m'mawa nkubwera madzulo. Tsiku lonselo Josephat sanaone dzina ngakhale limodzi. Mabuku akale a mayina tinali titasiya kulembamo, Valentino yemweyo atatiuza kuti ngosafunikanso. Anthu anakhala padzuwa la Okutobala ndi matumba opanda kanthu mpaka ana anayamba kulira. Ena anagenda malata a shedi. Wapampando wa bungwe anabwera nkukalipira a Daka pamaso pa alimi, ndipo lole ya ku Vubwi inabwerera yopanda mbewu.

M'mawa mwake ndinapeza a Daka atakhala, manja ali kumutu. Apa ndiye pamene ndinatulutsa chimene ndinasunga. Ndinawauza kuti mu Epulo, sabata yomwe waya unkakhomedwa, ndinamuona Valentino ndi maso angawa akutuluka m'sitolo ya a Rashid ndi mkombero wa waya wakuda paphewa. Sindinanene kuti anagulitsa waya wa azungu nkutiikira wa TV. Ndinangoti wayawo ngofanana kwambiri, ndipo nditafunsa tsiku lija anandiletsa kuyankhula. Zonse zinali zoona. Koma ndinkadziwa bwino kumene mawuwo akupita, ndipo ndinkafuna apite komweko.

Valentino atafika, a Daka anamuitanira mu ofesi, ine ndi Josephat tili momwemo. Anavomera kuti waya anaguladi, koma unali wa mphunzitsi wina wa ku Sinda amene anamupempha kuti amumangire mlongoti wa TV. Anati waya wa TV ndi wa kompyuta amangofanana khungu, mkati ngosiyana, ndipo aliyense akhoza kuwerenga zilembo zolembedwa pa waya wathu nkuona yekha. A Daka anati zilembozo wotiwerengera ndi yemwe tikumukayikira. Anatumiza uthenga kwa a Rashid. Iwo anabwera ndi kofia wawo kumutu, atakwiya kale, nanena kuti waya anagulitsadi, koma pa zaka makumi atatu za sitolo yawo sanayambe atsatira munthu kukaona kumene akukakhoma katundu wake. Anatuluka osatsanzika.

Valentino anatembenukira kwa ine. Kanali koyamba kundiyang'ana m'maso.

"Amai, ndinakulakwirani chiyani?"

"Izi si za ine," ndinatero. "Munanena nokha."

Kalata yomuchotsa ndinatayipa ndine, pa makina anga akale omwe anawaseka aja, ndipo sindinalakwitse ngakhale chilembo chimodzi. Inati atuluke m'nyumba ya bungwe mwezi usanathe. Josephat anandinong'oneza kuti Clementina ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri. Ndinati akanaganiza zimenezo asanayambe kuba waya. Mtima wanga unali mbee, ndipo tsiku limenelo ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikuimba nyimbo ya kwaya.

Sabata yotsatira bungwe linaitana munthu wina kuchokera ku Lusaka, a Newton Njovu, bambo wa imvi, wolankhula pang'onopang'ono. Anayenda ndi waya wonse kuyambira kwa a Daka, akuwerenga zilembo ndi tochi. Anauza a Daka kuti wayawo ndi weniweni, ngakhale kuti panali kachidutswa kamodzi kamene chitseko cha shedi chinkakapana, ndipo kameneko anakasintha. A Daka anangomva zoti pasinthidwa waya, zinazo zinawadutsa.

Pomaliza anafika kwa ine. Anagogoda, anandipatsa moni, anapempha mpando. Atasuzumira kumbuyo kwa kompyuta anagogoda kachitsekero kaja ndi chikhadabo nkundifunsa ngati ndikudziwa kuti ndikusunga mfumu ya makina onse. Ndinati sindidziwa. Ndiye anandifotokozera, ine, ngati munthu. Anati mawu a makinawa amathamanga m'wayamo kupita mbali zonse ziwiri, ndipo akafika kumapeto pamafunika chowameza. Pakapanda chowameza amabwerera nkuwombana ndi anzawo, monga umachitira ukakuwa m'shedi yopanda matumba, mawu ako nkukubwerera mpaka osamvana ndi mnzako. Kachitsekero kaja ndiye kanali kowameza.

"Onani," anatero.

Anakapotokola, nkukaika m'dzanja langa. Anasuzumira pawindo nkufunsa Josephat ngati akuona mayina. Josephat anakuwa ali ku shedi kuti zafanso. A Njovu anakatenga, nkukabwezera, ndipo Josephat anakuwanso kuti zabwera.

"Mukangochotsa aka, onse atatu agontha," anatero akuseka. "Koma ndani angachotse kanthu ngati aka?"

Dirowa langa linali lotsegula pafupi ndi bondo lawo. Munali sitepula, chidindo, ndi kabokosi ka machesi kopanda kanthu kamene ndinkagonekamo kachitsekeroko kuti kasakandike. Ndinalikankha ndi mwendo pang'onopang'ono mpaka linatsekeka. Ndinawerenga m'mutu maliro a ku Mkaika, chipatala, masiku awiri a mu Ogasiti, ulendo wa ku Sinda, ndipo panalibe tsiku limodzi lomwe linatsala. A Njovu anandithokoza posamala makina, nanyamula chikwama chawo.

Masiku atatu sindinadye bwino. Ndinali ndi mantha, ndinali ndi manyazi, koma choposa zonse ndinali wokwiya, ndipo wokwiyira yemweyo Valentino. Mawu amene a Njovu ananena pa mphindi ziwiri, iye anamukanika chiyani?

Loweruka masana ndinapita kumsika. Ndinali nditamva kuti Valentino sanabwerere ku Vubwi, akukonza mawailesi pakhonde la sitolo ya a Rashid, amene anamupatsa malowo makamaka pofuna kupsetsa mtima a Daka. Ndinamupeza atakhala pa kabokosi, wailesi yotsegula ili pamiyendo. Kuseri kwake kunali matiresi wokulungidwa ndi mapoto omangidwa m'chitenje, ndipo Clementina anakhala pamatiresipo atatambasula miyendo yotupa. A Rashid atandiona analowa m'sitolo osandiyankha moni.

Sindinapite mozungulira. Ndinamuuza zonse ndili chiimire, za dirowa, za kabokosi ka machesi, za masiku aja. Anasiya sikuludiraiva.

"Munkachotsa," anatero. "Tsiku lililonse."

"Unati ndikasamale. Ndinakasamala."

"Bwanji simunandiuze?"

"Bwanji sunandiuze iwe ntchito yake? Ndinakufunsa. Unati changa nkusunga basi."

Anaimirira, wailesi inatsala pang'ono kugwa. Ananditchula mfiti, ananditchula nkhalamba yanjiru, ndipo ine ndinamubwezera kuti ndi mbuli yovala tayi imene inkaona ngati kufotokozera mzimayi nkutaya nzeru. Anthu ogula mchere anaima kutionerera. Clementina ankangondiyang'ana, dzanja lili pamimba. Valentino atatopa anatsitsa mawu.

"Chabwino. Lolemba tipitire limodzi kwa a Daka. Mukanene zomwe mwanena panozi."

M'maganizo ndinaona lole ya ku Vubwi ikubwerera yopanda mbewu, wapampando akukalipa, ndi a Daka akufuna munthu woti amusenzetse zonsezo. Ndinaona kalata ina ikutayipidwa, dzina langa lili pamwamba. Ana anayi, bambo wawo anamwalira, wamkulu ali Fomu Fo. Ndinati a Daka sangabweze kalata imene anasaina kale pamaso pa komiti. Ndinati ngakhale nditanena, tingangochotsedwa tonse awiri, ndiye apindula ndani? Mwina zinali zoona, sindidziwa. Sindinayese.

"Ndiye mwabwera kudzatani?" anafunsa.

Anakhalanso pa kabokosi kake, nkutola sikuludiraiva. Ine ndinatsika pakhondepo nkudutsa pakati pa anthu aja.

Lolemba ndinalowa mu ofesi nthawi yake. Kawiri konse ndinafika pakhomo la a Daka, kawiri konse ndinangopereka makalata nkubwerera. Poweruka ndinaika riboni m'dirowa, sitepula, chidindo, ndipo dzanja langa linapita lokha kumbuyo kwa kompyuta. Ndinaligwira ndi linzake. Kachitsekero kanagona pamalo pake usiku umenewo, ndipo sindinakachotsenso. Kabokosi ka machesi ndinakataya m'chimbudzi.

Kuyambira pamenepo makina sanavutenso. Ndinapita ku maliro ena awiri mu Novembala, ndinapita ku Sinda, ndinadwala malungo sabata yathunthu, ndipo Josephat ankaona mayina tsiku lililonse. Pa msonkhano wa komiti wa mu Disembala a Daka anaimirira nkunena kuti umboni ndi umenewu, chichokereni wakuba uja ndi waya wake wa TV palibe tsiku limene makina anaima. Anathokoza mai Chulu chifukwa cha maso awo akuthwa, ndipo anthu anaomba m'manja. Valentino anali atabwerera kale ku Vubwi ndi mkazi wake ndi khanda, poti pa Katete palibe amene ankafuna kusiya wailesi yake m'manja mwa munthu wosintha mawaya.

Mawu a msonkhanowo ndinalemba ndine. Ndinatayipa dzina lake, ndinatayipa mawu oti wakuba, ndipo a Daka anasaina osapeza cholakwika.